Kalimidwe ka ndiwo zamasamba pa mabedi okwera pakhomo

Aliyense wokhala ku Chipata amadziwa mmene mvula ya mu Disembala ndi Januwale imagwera. Imabwera mwamphamvu kwa kanthawi, madzi amatsika m'mapiri ozungulira tauni atafiira ndi dothi, ndipo kadimba ka kuseri kwa nyumba kamene kanalimidwa mosalaza kamasanduka thope lokhalokha. Ukafika mwezi wa Okutobala, dothi lomwelo la katondo limauma gwa, mwakuti khasu limangodumpha. Dera lathu limalandira mvula pafupifupi mamilimita 1,000 pa chaka, koma yochuluka imagwa pakati pa Novembala ndi Malichi, ndipo miyezi yotsalayo ndiwo zamasamba zimadalira madzi amene munthu wanyamula ndi manja ake. Bedi lokwera limathandiza pa mavuto onse awiri, chifukwa m'dzinja limataya madzi owonjezera, pamene m'chilimwe limasonkhanitsa manyowa ndi madzi pamalo ochepa pamene pali mizu.

Bedi lokwera ndi mulu wa dothi lofewa, wosalazidwa pamwamba, umene wakwera pang'ono kuposa pansi pozungulira, ndipo munthu sapondapo. Mfundo yosapondapoyi ndiyo imalamulira miyeso yonse imene ndifotokoze, pakuti dothi lopondedwa limagwirana, mpweya sulowa, ndipo mizu imavutika kutsika.

Kuwerengera madzi ndi kusankha malo

Musanagwire khasu, werengerani madzi amene mungathe kupeza tsiku ndi tsiku mu Okutobala, osati mu Meyi pamene zitsime zidakali zodzaza. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali limafuna malita pafupifupi 15 pa tsiku nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, koma nyengo yotentha limafuna malita 25 mpaka 30, omwe ndi makheni atatu a malita 10. Mabedi anayi otere amamwa zigubu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za malita 20 tsiku lililonse. Ngati madziwo ndi a pampopi olipira, kapena amatungidwa ku mjigo ndi kusenzedwa pamutu, chiwerengero chimenechi si chaching'ono. Chilala cha 2023 mpaka 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinaonetsa mabanja ambiri kuti zitsime zosazama sizodalirika chaka chilichonse. Motero langizo langa ndi lakuti muyambe ndi mabedi awiri kapena atatu okha, amene akwanira ndiwo za banja la anthu asanu ngati akusamalidwa bwino, ndipo mudzawonjezere chaka chamawa mutaona mphamvu zanu.

Malo akhale olandira dzuwa kwa maola osachepera 6 pa tsiku. Pansi pa mtengo wa mango pamaoneka pozizira bwino, koma repu wa pamthunzi amangotalika mapesi, masamba ake n'kukhala opyapyala, ndipo mizu ya mitengo ikuluikulu, makamaka bulugamu, imalowa m'bedi n'kuyamba kulimbirana madzi ndi mbewu zanu. Talikiranani ndi chimbudzi, dzala la zinyalala ndi ngalande ya madzi a kubafa. Ngati n'kotheka, sankhani malo amene mumadutsapo popita kukhitchini, chifukwa dimba loonedwa kangapo pa tsiku silifa ndi ludzu. Mpanda umangidwe mbewu zisanamere. Udzu, mapesi, bango kapena nsungwi zonse zimagwira ntchito, bola m'munsi mukhale mothinana, popeza nkhuku imodzi ikhoza kupalasa nazale yonse inu muli ku tchalitchi, ndipo za mbuzi ndi nkhumba za aneba sindikufunika kukuuzani.

Pamalo otsetsereka, monga mmene zilili m'makomboni ambiri okhala m'munsi mwa mapiri, mabedi ayalidwe mopingasa, kuti njira za pakati pawo zisasanduke ngalande. Mabedi anga oyamba ndinawayala motsata kutsetsereka chifukwa ankaoneka bwino kuchokera pakhonde, ndipo mvula imodzi ya usiku inakumba m'mbali mwake n'kukaunjika dothi langa lonse la manyowa pa mpanda wakumunsi. Kumtunda kwa dimba kumbani kangalande kopatutsa madzi ochokera padenga ndi pabwalo.

Miyeso ndi kukumba

M'lifupi mwa bedi mukhale mita imodzi, ndipo musapitirire mita 1.2. Njira yotsimikizira ndi yakuti mugwade m'mbali n'kutambasula dzanja: ngati simukufika pakati popanda kutsamira pa dothi, bedilo lakula kwambiri. Amene adzazulira udzu kawirikawiri ndi amene ayenera kuyesa, ndipo ngati ndi ana kapena agogo, lichepetseni. Bedi logundana ndi khoma kapena mpanda likhale masentimita 60 okha, chifukwa mudzalifikira mbali imodzi. M'litali mulibe lamulo, komabe likapitirira mamita 5 kapena 6 anthu amatopa kuzungulira ndipo amayamba kudumpha kapena kuponda. Njira ya pakati pa mabedi ikhale masentimita 50, kapena 70 ngati mudzadutsamo ndi wilibala. Kwa amene alibe tepi yoyezera, dzanja la munthu wamkulu lotambasulidwa, kuchokera pa chala chachikulu kufika pa chaching'ono, ndi masentimita pafupifupi 20.

Kukwera kwa bedi ndi kumene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa amaganiza kuti muyeso ndi umodzi chaka chonse. M'dzinja bedi likwere masentimita 25 mpaka 30, kuti mizu isakhale m'madzi. M'chilimwe bedi lokwera chotero limauma msanga m'mbali, choncho masentimita 10 mpaka 15 ndi okwanira, ndipo m'mphepete mwake muumbe kamzere kotukuka pang'ono kozungulira, kuti madzi othirira asatsetserekere m'njira. Ngati dothi lanu ndi la mchenga kwambiri ndipo madzi ndi ovuta, musachite manyazi kugwiritsa ntchito mabedi olowa pansi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayandikira. Pa dothi la makande, limene limasunga madzi ndi kung'aluka likauma, bedi lokwera ndi lofunika chaka chonse.

Khomani zikhomo m'makona anayi, mumange chingwe, kenaka muchotse udzu wonse. Kapinga ndi dawe zimafuna kuleza mtima, pakuti kachidutswa kalikonse kotsala m'dothi kamaphukanso, ndipo ndi bwino kuzitolera m'ndowa n'kukaziyanika padzuwa kusiyana ndi kuziponya pa mulu wa manyowa. Ngati dothi lauma kwambiri, lithirireni madzulo n'kudzakumba m'mawa mwake.

Kukumba koyamba ndi kolemetsa, koma kumachitika kamodzi kokha. Chotsani dothi lapamwamba, lakuya ngati mutu wa khasu, muliike pambali. Pansi pake nthawi zambiri mumapeza dothi lolimba ngati njerwa, makamaka pamalo amene akhala akulimidwa ndi khasu kwa zaka zambiri kapena pamene panali bwalo losesedwa. Liphwanyeni ndi piki mpaka kuya konse kukwane masentimita 30 kapena kupitirira, koma mulisiye pansi pomwepo osalitembenuzira pamwamba, chifukwa dothi lapansi ndi losauka. Mukatero bwezerani dothi lapamwamba lija, mupalenso dothi lapamwamba la m'njira n'kuliwonjezera pa bedi. Apa ndi pamene bedi limakwerera popanda kugula dothi kwina. Phwanyani zigulumwa, muchotse miyala, magalasi, mapulasitiki ndi mabatire akale amene amapezeka kwambiri m'mapuloti a m'tauni.

Manyowa

Bedi lokwera lopanda manyowa ndi mulu wa dothi chabe, ndiye pano ndikhalitsapo. Manyowa oyenera ndi owolerana, amene akuda, amanyenyeka m'manja, sakutentha ndipo akununkhira ngati dothi la m'nkhalango. A ng'ombe kapena a mbuzi otere thirani ndowa imodzi ya malita 20 pa mita iliyonse ya bedi, muwasakanize ndi dothi la pamwamba lakuya masentimita 15 mpaka 20. A nkhuku ndi amphamvu kwambiri, choncho theka la ndowa kapena kucheperapo ndi lokwanira, ndipo akhale atakhalitsa pa mulu kwa miyezi iwiri kapena itatu. Ine ndinaphunzira zimenezi movutika: ndinapatsidwa matumba awiri a zitosi za nkhuku zoweta, zosakanikirana ndi utuchi, zongochotsedwa kumene m'khola, ndipo ndinazithira lero n'kuwokera repu mawa lake. Pofika tsiku lachitatu mbande zonse zinali zitapsa m'mphepete mwa masamba ngati zawauka ndi moto, ndipo pokumba ndi chala dothi linali lofunda, likununkha mkodzo. Kuyambira pamenepo ndimathira manyowa, kuthirira bedi, n'kudikira sabata imodzi kapena ziwiri ndisanabzale, ndipo nthawi yodikirayo imathandizanso kuti udzu umere n'kuzulidwa mbewu zisanabwere.

Amene alibe ziweto apange kompositi, ndipo kuno kum'mawa zipangizo zake sizisowa, popeza ndife alimi a chimanga ndi nsawa. Yalani pansi mapesi oduladula, pamwamba pake masangwi ndi makoko a nsawa kapena udzu wouma, kenaka masamba aawisi ndi zotsalira za kukhitchini zopanda mafuta kapena nyama, kenaka manyowa a ziweto pang'ono ngati alipo, n'kuwaza dothi lapamwamba ndi kaphulusa. Nyowetsani gawo lililonse, ndipo mubwereze mpaka mulu ufike m'chiuno, m'lifupi ndi m'litali mwake mukhale mita imodzi kapena kuposerapo, chifukwa mulu waung'ono sutentha. Zikani ndodo pakati. Pakatha masiku atatu kapena anayi izuleni: ikakhala yofunda ndi yonyowa, ntchito ikuyenda; ikakhala yozizira ndi youma, wonjezerani madzi ndi masamba aawisi; mulu ukamanunkha zowola, madzi achuluka ndipo ukufunika kutembenuzidwa. Tembenuzani pa masabata awiri kapena atatu aliwonse, ndipo pa miyezi iwiri kapena itatu kompositi imakhala itapsa.

Masamba a mtengo wa gliricidia ndi abwino kwambiri pa mulu wotere chifukwa ali ndi nayitrojeni wochuluka ndipo amawola msanga. Mitengo yobwezera chonde m'nthaka, monga gliricidia, sesbania ndi ombwe, inafufuzidwa kwa zaka zambiri pa malo a kafukufuku wa zaulimi a Msekera, kufupi ndi Chipata pomwe pano, ndipo lero gliricidia amapezeka m'minda yambiri ya m'chigawo chino. Mitengo iwiri kapena itatu m'mphepete mwa mpanda, yosadzidwa kawirikawiri kuti isachite mthunzi, imakwanira dimba la pakhomo.

Phulusa lothira pa bedi likhale lodzaza dzanja limodzi pa mita, osati ndowa. Dothi la pachulu, limene ambiri amalikonda, limathandiza pa mchenga, koma pa katondo limangowonjezera kulemera. Fetereza wa D compound akhoza kuthiridwa pokonza bedi, dzanja limodzi lodzaza pa mita iliyonse, ndipo amathandiza, koma safewetsa dothi kapena kulithandiza kusunga chinyezi monga amachitira manyowa.

Za m'mbali mwa bedi sindichulukitsa mawu. Maduka a njerwa, miyala kapena nsungwi zimagwira dothi bwino m'dzinja, matabwa amadyedwa ndi chiswe, ndipo bedi lopanda chotchinga limakhalanso bwino ngati m'mbali mwake mwapendekeka, osati kuima chilili. Amene akukhala m'nyumba ya lendi yokhala ndi bwalo la simenti akhoza kudzaza dothi ndi manyowa m'matumba akale a ufa, ataboola pansi kuti madzi azituluka.

Kufesa ndi kuwokera

Repu, chayinizi, mpiru, kabichi, tomato, impwa, tsabola ndi anyezi zimayambira pa nazale, imene ikhoza kukhala mbali imodzi ya bedi lomwelo. Lembani timizere totalikirana masentimita 10, tosazama kuposa sentimita imodzi, mufese mopatula, mukwirire ndi dothi losefa, ndipo muphimbe ndi udzu wouma musanathirire. Repu amamera pa masiku anayi kapena asanu, ndipo tsiku limene mwaona timitu toyamba chotsani udzuwo n'kuukweza pa kachisakasa kofika m'bondo, apo ayi mbande zimatalika mowonda n'kugwa. Sabata yomaliza musanawokere, chotsani mthunzi ndi kuchepetsa madzi kuti mbande zikhwime. Repu ndi abale ake amawokeredwa pakatha masabata pafupifupi anayi, ali ndi masamba anayi kapena asanu, tomato pa masabata anayi kapena asanu, pamene anyezi amadikira masabata 6 mpaka 8, atanenepa pafupifupi ngati pensulo. Wokerani madzulo, mutathirira nazale kuti mbande zizuke ndi dothi lake, ndipo mukanikize dothi mozungulira tsinde ndi zala.

Pa bedi la mita imodzi, repu ndi chayinizi zimakwana mizere itatu, mbewu zitalikirane masentimita 30, ndipo mzere wapakati usayang'anizane ndi ya m'mbali. Kabichi ndi tomato ndi mizere iwiri yokha, masentimita 50 mpaka 60 pakati pa mbewu, ndipo mitengo yomangirira tomato izikidwe tsiku lowokera kuti musadzadule mizu pambuyo pake. Anyezi amakwana mizere inayi kapena isanu, masentimita 10 pakati pa mbewu. Karoti, therere, nyemba, nkhwani ndi bonongwe zimafesedwa pabedi pomwepo. Njere za bonongwe ndi za karoti ndi zazing'ono, choncho zisakanizeni ndi mchenga wouma pofesa, ndipo karoti apatulidwe kuti atalikirane masentimita 5. Karoti abzalidwe pa bedi limene linathiridwa manyowa pa mbewu yapitayo, chifukwa manyowa atsopano amamuchititsa mphanda.

Nyengo nayo muitsate. Repu, chayinizi, kabichi, karoti ndi anyezi zimachita bwino kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. M'dzinja mabedi apatseni ndiwo zathu zachikhalidwe, monga bonongwe, therere, luni, kholowa ndi nkhwani, zimene ena kuno amati chibwabwa, chifukwa zimapirira kutentha ndi mvula ndipo sizifuna mankhwala ambiri. Tomato wa m'dzinja amakopa chifukwa ndi nthawi imene amadula ku msika wa Kapata, koma bedi lokwera limangoteteza mizu yake, pamene chiwawu chimagwira masamba onyowa, ndiye woyamba kumene ayambe ndi tomato wa m'chilimwe.

Kuthirira, kuphimbira ndi tizilombo

Mbande zikagwira, phimbirani bedi lonse ndi udzu wouma wopanda njere kapena makoko a nsawa, mokhuthala ngati zala zitatu, koma musagunditse pa tsinde. Chiswe chimabwera kudzadya udzuwo, ndipo nthawi zambiri sichikhudza mbewu yathanzi, choncho ingowonjezerani wina ukachepa. Thirirani m'mawa kapena madzulo, pa dothi osati pa masamba, makamaka pa tomato. Kuthirira kokwanira kamodzi kumaposa kuwaza pang'ono katatu, chifukwa madzi ongonyowetsa pamwamba amachititsa mizu kukhala pamwamba pomwepo. Musanathirire lowetsani chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri, ndipo mukamva chinyezi, madziwo asungeni. Madzi otsukuluzira mbale kapena mpunga akhoza kuthiridwa pa dothi, koma ochapira matewera kapena okhala ndi mankhwala oyeretsera zovala asafike m'dimba.

Repu akayamba kuthyoledwa amafuna chakudya chowonjezera. Kompositi yodzaza manja awiri pa mbewu iliyonse imakwanira, kapena kachivindikiro kamodzi ka botolo ka fetereza wa yureya pakati pa mbewu ziwiri, kokwiriridwa ndi kuthiriridwa nthawi yomweyo. Yureya ali ndi nayitrojeni 46 pa 100 alionse, ndipo akagunda tsinde kapena tsamba amawotcha.

Kawiri pa sabata tembenuzani masamba muone kunsi kwake. Nsabwe za m'masamba zimachuluka pa repu kunja kukayamba kutentha mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo zikadali zochepa zimatha pozifikisa ndi zala kapena kupopera madzi a sopo wochepa osakaniza ndi tsabola ndi adyo wosinja. Masamba a nimu kapena a ombwe osinja ndi kuviikidwa usiku wonse amagwiranso ntchito, koma ombwe ndi poizoni wa nsomba, motero asatayidwe m'chitsime kapena mumtsinje, ndipo ndiwo zopoperedwa zidikire masiku angapo ndi kutsukidwa bwino. Mukapeza mbande yadulidwa pa tsinde m'mawa, fukulani dothi pafupi pomwepo ndi chala, ndipo mupeza mphutsi yotuwa itadzipinda. Pa tomato, kambozi ka Tuta absoluta, kamene kanafika m'Zambia mu 2016, kamalowa mkati mwa tsamba n'kusiya mabala oyera owonekera, ndipo masamba otere athyoledwe n'kutenthedwa kapena kukwiriridwa mozama. Mukaganiza zogula mankhwala, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu, ndipo muwerenge pa botolo masiku oyenera kudikira musanathyole ndiwo, pakuti repu wa pakhomo amathyoledwa pafupifupi tsiku lililonse.

Kukolola ndi kukonzanso bedi

Repu amayamba kuthyoledwa pakatha masabata atatu kapena anayi chiwokerereni. Thyolani masamba akunsi, musiye anayi a pakati, ndipo mbewu imodzi idzakupatsani ndiwo kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo. Kuti mabedi asathe nthawi imodzi, fesani kanazale katsopano mwezi uliwonse. Nkhwani ndi masamba a nyemba zikachuluka m'dzinja, zifutseni n'kuziyanika, kuti mfutso udzakuthandizeni mu Okutobala pamene madzi othirira avuta.

Mbewu ikatha, izuleni ndi kuyang'ana mizu yake. Mukaona timibulu totupa pa mizu ya tomato, therere kapena impwa, ndiye kuti m'dothimo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timafooketsa mbewu, ndipo mizu imeneyo itenthedwe. Ichi ndicho chifukwa chake mbewu za banja limodzi siziyenera kutsatizana pa bedi limodzi. Repu, chayinizi, mpiru ndi kabichi ndi banja limodzi, ndipo tomato, impwa, tsabola ndi mabilinganya ndi banja lina. Pamene panali tomato pabwere anyezi kapena chimanga chachiwisi, pamene panali repu pabwere nyemba kapena karoti, ndipo lembani m'kabuku zimene munabzala pa bedi lililonse, popeza pakatha chaka munthu amaiwala.

Bedi lakale silifuna kukumbidwanso mozama ngati silinapondedwe. Gaulani pang'ono pamwamba, muthire theka la ndowa ya kompositi pa mita iliyonse, musalaze, ndipo lakonzeka. Kumapeto kwa Okutobala, mitambo ikayamba kusonkhana, gumulani kamzere kosunga madzi ka m'mphepete kaja, mupale dothi la m'njira n'kukweza bedi kufika masentimita 25 kapena 30, ndipo mutsegule kangalande ka kumtunda mvula yoyamba isanagwe.